Ngozi zodza kaamba ka misewu yoonongeka: njira zopezera chipukuta misozi ku Cape Town

CAPE TOWN – Mosiyana ndi ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, mvula ya ku Cape Town imagwa m'miyezi yozizira, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Madzi akalowa m'ming'alu ya msewu wa phula ndi kufewetsa nthaka ya pansi pake, matayala a magalimoto olemera amabowola pofewapo, ndipo pamakhala dzenje. M'misewu yodutsa m'mbali mwa mapiri vuto limakhala lina: nthaka ikakhuta madzi imagumuka, miyala n'kugubudukira mumsewu. Mu Sepitembala 2023 mvula yamkuntho inadula msewu wa N2 pa Botrivier, ndipo inaononganso Clarence Drive ndi Franschhoek Pass.

M'dziko la South Africa anthu pafupifupi 12,000 anafa pamsewu mu 2022, ndipo chiwerengero cha 2023 sichinasiyane kwenikweni. Zambiri mwa ngozi zimenezi zimadza kaamba ka zolakwa za anthu, monga liwiro, mowa ndi kupitirira galimoto ina pamalo osayenera. Koma pali ngozi zina zomwe gwero lake ndi msewu weniweniwo. Wovulala pangozi yotere amasowa womuloza chala, poti palibe dalaivala wina amene wamugunda.

Malamulo a dzikoli ali nalo yankho, ndipo mbali yaikulu ya yankholo inachokera m'milandu iwiri ya ku Cape Town yomwe inagamulidwa m'chaka cha 2000. Mwini msewu atha kulipitsidwa, koma pokhapokha wodandaula atagogoda pakhomo loyenera, ali ndi umboni m'manja, nthawi isanamuthere.

Makomo awiri osiyana

Anthu ambiri akamva za chipukuta misozi cha ngozi ya pamsewu amaganiza za thumba la Road Accident Fund, lomwe pachidule limatchedwa RAF. Thumbali linakhazikitsidwa ndi lamulo la nambala 56 la 1996, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 Meyi 1997. Ndalama zake zimachokera ku msonkho womwe aliyense amapereka pogula petulo kapena dizilo. Mu 2021 msonkhowu unafika pa R2.18 pa lita. Apa ndi pomwe South Africa imasiyana ndi Malawi ndi Zambia, komwe lamulo limakakamiza mwini galimoto kugula inshuwalansi ku kampani, ndipo wovulala amakafuna ndalama ku kampaniyo.

RAF ili ndi malire awiri omwe amakhumudwitsa ambiri. Choyamba, imalipira kuvulala ndi imfa basi. Galimoto, njinga yamoto kapena katundu woonongeka sizili m'ndandanda wake. Chachiwiri, imalipira pokhapokha ngozi itadza kaamba ka kusasamala kwa dalaivala kapena mwini galimoto wina, osati wodandaula mwini wakeyo. Motero dalaivala amene wagwera m'dzenje usiku n'kugubuduzika, popanda galimoto ina yokhudzidwa, sangapeze kanthu ku RAF. Wokwera m'galimoto yomweyo atha kupeza, ngati wasonyeza kuti dalaivala wake analakwitsako ngakhale pang'ono, mwachitsanzo pothamanga pamsewu woti aliyense akuona kuti ndi woonongeka.

Khomo lachiwiri ndi la mwini msewu. Dandaulo lopita kumeneku silidzera ku RAF, koma limatsata malamulo a dzikoli okhudza kulipira munthu amene wamulakwira. Ubwino wake ndi woti limakhudza zonse, kuvulala kwa thupi ngakhalenso kuonongeka kwa galimoto. Kuvuta kwake ndi koti wodandaula ndiye amasenza udindo wonse wotsimikizira bwalo kuti mwini msewu ananyozera ntchito yake. Pangozi zina makomo onse awiri amatseguka, pamene dalaivala ndi mwini msewu onse ali ndi mbali yawo pa kulakwako.

Msewu uliwonse uli ndi mwini wake

Misewu ya ku Cape Town ili m'manja mwa maulamuliro atatu. Bungwe la boma loona za misewu ikuluikulu ya dziko lonse, la SANRAL, lomwe linakhazikitsidwa mu 1998, limasamalira zigawo zazitali za N1, N2 ndi N7, msewu wa R300, komanso Huguenot Tunnel, njira yoboola phiri pa N1. Boma la chigawo cha Western Cape lili ndi misewu yake, yomwe kuyambira Epulo 2023 ili pansi pa nthambi ya Department of Infrastructure. Khonsolo ya mzinda, ya City of Cape Town, imasamalira misewu yambiri ya m'kati mwa mzinda ndi ya m'madera okhala anthu monga Khayelitsha, Mitchells Plain, Bellville ndi Wynberg. Khonsoloyi inapangidwa mu Disembala 2000 pophatikiza Cape Metropolitan Council ndi makhonsolo ena asanu ndi limodzi.

Chilembo cha N, R kapena M chomwe chili pa chikwangwani sichipereka yankho lonse. Zigawo za N1 ndi N2 zoyandikira pakati pa mzinda zili m'manja mwa chigawo kapena khonsolo, osati SANRAL. Pali misewu ina yomwe boma linaipereka kwa kampani kuti iziyendetsa, ndipo pamalo pomwe pakukonzedwa pamakhala kontirakitala yemwe nayenso atha kuyankha mlandu ngati wasiya dzenje, mchenga kapena miyala popanda zizindikiro. Kusumira ofesi yolakwika kumadya miyezi, ndipo monga tione m'munsimu, miyezi ndiyo imapha milandu yotere. N'chifukwa chake maloya amayamba ndi kufufuza malo enieni a ngozi, ndipo pomwe pali chikaiko amalembera maofesi onse okhudzidwa nthawi imodzi.

Maenje awiri a ku Sea Point

Kwa zaka zambiri makhonsolo a ku South Africa anali otetezedwa. Pamlandu wa Halliwell v Johannesburg Municipal Council mu 1912, bwalo la apilo linagamula kuti lamulo limapatsa khonsolo mphamvu yokonza misewu koma silimaikakamiza kutero. Khonsolo inkalipira pokhapokha ngati yokha yabweretsa choopsa chatsopano pamsewu. Msewu ukangokalamba wokha n'kuvulaza munthu, panalibe mlandu.

Maganizo anayamba kusintha mu 1975 pamlandu wa Minister van Polisie v Ewels, wokhudza apolisi omwe anangoyang'ana munthu akumenyedwa papolisi pomwepo. Bwalo linati kusachita kanthu nako kutha kukhala kulakwa pamaso pa lamulo, ngati anthu a m'dziko akuona kuti woyang'anayo anali ndi udindo wochitapo kanthu.

Mfundoyi inafika pa misewu kudzera pamlandu waung'ono wa Cape Town Municipality v Bakkerud. Mayi wina wachikulire wa ku Sea Point anagwa ataponda m'dzenje panjira ya oyenda pansi ya m'mbali mwa Mount Nelson Road. Panali maenje awiri, lililonse la masentimita pafupifupi 15 m'mimba mwake ndi 10 kuya kwake, ndipo anali atakhalapo kwa miyezi yosachepera isanu ndi umodzi. Patangopita masiku ochepa chigwereni mayiyo, khonsolo inawakwirira. Ndalama zomwe ankakangana zinali R1,500 zokha, koma khonsolo inapita nawo mlandu mpaka ku bwalo lalikulu la apilo la Supreme Court of Appeal ku Bloemfontein, pofuna kuteteza mfundo yakale ija.

Mu Meyi 2000 bwaloli, kudzera mwa Jaji Marais, linathetsa chitetezo chakalecho. Komabe silinanene kuti dzenje lililonse ndi mlandu. Linati nkhani iliyonse iziweruzidwa payokha. Khonsolo yaing'ono yosauka, yomwe ili ndi zosowa zina zazikulu, singayesedwe ndi muyeso umodzi ndi khonsolo yaikulu ya ndalama yomwe yalekerera dzenje pamalo podutsa anthu ambiri kwa miyezi. Linatinso anthu asayembekezere msewu wosalala ngati tebulo, ndipo woyenda ayenera kuyang'ana pomwe akuponda. Mayiyo ankadziwa kale za maenjewo, choncho anapatsidwa theka, R750.

Ngakhale mlanduwu unali wa munthu woyenda pansi, ndiwo maziko a madandaulo onse a oyendetsa galimoto, njinga zamoto ndi njinga zakapalasa omwe amasumira makhonsolo.

Phiri la Chapman's Peak

Mlandu wachiwiri ndi wa galimoto. Chapman's Peak Drive ndi msewu wa makilomita 9, wa makona 114, womwe unasemedwa m'mbali mwa phiri pamwamba pa nyanja, pakati pa Hout Bay ndi Noordhoek. Unamangidwa kuyambira 1915 ndipo unatsegulidwa mu 1922. Alendo amaukonda chifukwa cha kukongola kwake, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: kuyambira kale miyala yakhala ikugwera mumsewuwu nthawi ya mvula.

Mu Juni 1994, mvula itagwa yambiri kwa masiku angapo, mbali ya phiri inagumuka ndi kuphwanya galimoto yomwe inkadutsa. Bambo wina amene anali m'galimotoyo anavulala kwambiri mpaka kufa ziwalo. Anasumira khonsolo yoyang'anira msewuwo, ndipo mlandu unadziwika ndi dzina loti Cape Metropolitan Council v Graham.

Panali zikwangwani zochenjeza za miyala yakugwa, ndipo kulimbitsa phiri lonse kukanafuna ndalama zankhaninkhani. Koma mu Novembala 2000 bwalo lalikulu la apilo, kudzera mwa Jaji Scott, linati nkhani inagona pa funso lina: n'chifukwa chiyani msewu sunatsekedwe mvula itafika poopsa chotero? Chikwangwani sichithandiza dalaivala phiri likamugwera. Khonsolo inalibe ndondomeko yomveka yotsekera msewu ngozi isanachitike, ndipo kutseka kunali kosavuta poyerekeza ndi kukula kwa choopsacho. Bwalo linayeza zinthu zinayi: kukula kwa mpata woti ngozi ichitike, kuopsa kwa zotsatira zake, phindu losiya msewu uli wotsegula, ndi mtengo wochotsera choopsacho. Khonsolo inapezeka yolakwa.

Mlanduwu usanathe, mwala wina unapha mayi wina pamsewu womwewo kumapeto kwa 1999, ndipo mu Januwale 2000 msewu unatsekedwa. Unatsegulidwanso mu Disembala 2003 utaikidwa maukonde achitsulo ogwira miyala ndi madenga a konkire, uli wolipiritsa, pansi pa kampani ya Entilini yomwe inapangana ndi boma la chigawo. Kuchokera nthawiyo msewuwu umatsekedwa mvula kapena mphepo ikakula. Phunziro la mlandu wa Graham ndi loti mwini msewu amene sangathe kuchotsa choopsa ali ndi udindo wochenjeza mokwanira, ndipo chenjezo likaperewera, atseke msewu.

Zomwe wodandaula ayenera kutsimikiza

Bwalo limafuna zinthu zinayi. Choyamba, kuti wosumiridwayo anali ndi udindo pamsewuwo. Chachiwiri, kuti ananyozera. Muyeso wa kunyozera unaikidwa mu 1966 pamlandu wa Kruger v Coetzee, womwe unayamba galimoto itagunda hatchi yolowa mumsewu: kodi munthu woganiza bwino akanaoneratu kuti pachitika ngozi, kodi akanachitapo kanthu, ndipo kodi wosumiridwayo analephera kutero? Chachitatu, kuti kunyozerako ndiko kunabweretsa ngozi. Chachinayi, kuti wodandaula wataya kanthu kotheka kuwerengedwa m'ndalama.

Pa nkhani ya maenje, funso lalikulu limakhala la nthawi. Dzenje lomwe labowoka usiku wathawu mvula ili m'kati silifanana ndi dzenje lomwe anthu akhala akulidandaula kwa miyezi. Pamlandu wa McIntosh v Premier, KwaZulu-Natal, wokwera njinga yakapalasa anagwa mu 2004 pozemba dzenje pamsewu wa pakati pa Rosetta ndi Kamberg. Dzenjelo linali litakula kwa pafupifupi chaka, popanda chikwangwani. Boma la chigawo linati linalibe ndalama zokwanira, koma mu 2008 bwalo lalikulu la apilo linakana kuti mawu amenewa paokha amasule boma.

Mlandu womwewo umasonyezanso mmene kulakwa kumagawidwira. Malinga ndi lamulo la Apportionment of Damages Act la 1956, wodandaula amene nayenso analakwitsa sataya zonse, koma ndalama zake zimadulidwa molingana ndi gawo lake. Wanjingayo anapezeka kuti ankathamanga mopitirira potsetsereka, choncho analandira magawo 60 pa 100 alionse. Liwiro, mowa, matayala akutha, nyali zakufa, kusamanga lamba kapena kusavala chipewa cholimba pa njinga yamoto, zonsezi zitha kudula chipukuta misozi.

Milandu ina imagwa pa mfundo yachitatu. Pamlandu wa Crafford v SANRAL, dalaivala anagunda ngoma usiku pafupi ndi Thabazimbi m'chigawo cha Limpopo, ndipo anati udzu wautali wa m'mbali mwa msewu ndiwo unamubisira nyamayo. Mu 2013 bwalo lalikulu la apilo linakana dandaulo lake, poti panalibe umboni woti udzu ukanatchetchedwa iye akanaiona nyamayo nthawi yabwino.

Kuno mlandu umaola

Akuluakulu amati mlandu suola. Pamaso pa malamulo a South Africa, mlandu wa chipukuta misozi umaola, ndipo umaola msanga.

Lamulo la nambala 40 la 2002, lokhudza kusumira nthambi za boma, limati munthu ayenera kupereka kalata yodziwitsa za cholinga chake chosuma pasanathe miyezi isanu ndi umodzi. Pa ngozi zambiri miyeziyi imayamba kuwerengedwa pa tsiku la ngozi. Lamuloli limakhudza khonsolo, boma la chigawo ndi SANRAL. Kalatayo imafotokoza mwachidule zomwe zinachitika, tsiku, malo ndi zomwe munthu wataya, ndipo imapita kwa mkulu woyendetsa khonsolo, mkulu wa nthambi ya boma, kapena mkulu wa bungwe. Kungodandaula palamya kuti pamsewu pali dzenje sikulowa m'malo mwa kalata imeneyi.

Wochedwa atha kupempha bwalo kuti limukhululukire, koma ayenera kusonyeza zinthu zitatu: kuti mlandu wonse sunathe nthawi, kuti pali chifukwa chomveka chochedwera, monga kugonekedwa m'chipatala nthawi yaitali, ndi kuti boma silinapwetekedwe mopitirira ndi kuchedwako. Pempho lotere limadya ndalama, ndipo bwalo litha kulikana.

Malire achiwiri ali m'lamulo la Prescription Act la 1969: chisamani chiyenera kufika kwa wosumiridwa pasanathe zaka zitatu. Kalata yodziwitsa siimitsa zaka zitatuzi, ndipo kudikira yankho la ofesi ya inshuwalansi ya khonsolo sikuziimitsanso.

RAF ili ndi nthawi zake. Ngati dalaivala kapena mwini galimoto yolakwa akudziwika, dandaulo liyenera kuperekedwa pasanathe zaka zitatu. Ngati anathawa osadziwika, pasanathe zaka ziwiri. Dandaulo likaperekedwa m'nthawi yake, chisamani chiyenera kuperekedwa pasanathe zaka zisanu chichitikireni ngozi. Malamulo amapereka mpata wapadera kwa ana osakwana zaka 18 ndi kwa odwala maganizo, koma umboni sudikira mwana kuti akule.

Umboni wa tsiku loyamba

Monga zinachitikira ku Sea Point, dzenje limakwiriridwa msanga likangovulaza munthu. Umboni womwe sunatengedwe m'masiku oyamba umakwiririka nalo limodzi.

Lamulo la National Road Traffic Act la 1996 limafuna kuti dalaivala akanene za ngozi kupolisi pasanathe maola 24, pokhapokha ngati kuvulala kwamulepheretsa. Nambala ya lipoti la apolisi imafunidwa ndi RAF, makampani a inshuwalansi ndi khonsolo. Polemba lipotilo n'kofunika kutchula dzenje, miyala, madzi kapena chilichonse chomwe chinayambitsa ngozi, poti chinthu chomwe chatchulidwa koyamba patapita chaka chimakaikitsa woweruza.

Zithunzi zizionetsa choopsacho pafupi, pambali pake pali chinthu chodziwika kukula kwake monga nsapato kapena botolo, komanso patali, kuti dzina la msewu, chizindikiro cha makilomita kapena nyumba yodziwika ioneke. Zizionetsanso ngati panali zikwangwani ndi nyali za mumsewu kapena ayi. Wovulala akakhala m'chipatala, mbale kapena mnzake apite kukajambula.

Mboni zofunika kwambiri nthawi zambiri si omwe anaona ngozi, koma omwe amakhala kapena kugulitsa malonda pafupi, poti ndiwo angathe kunena kuti dzenjelo lakhalapo kuyambira liti ndipo lagwetsa angati. Khonsolo ya Cape Town imapereka nambala kwa aliyense amene wanena za vuto la pamsewu, ndipo SANRAL inakhazikitsa mu Ogasiti 2022 ntchito ya Vala Zonke, yomwe ili ndi njira yonenera maenje pafoni. Madandaulo akale otere ndi umboni wamphamvu woti mwini msewu ankadziwa. Wonena za dzenje lero atha kukhala kuti wathandiza mnzake wodzavulala mawa.

Zotsala ndi mapepala: makalata a kuchipatala, malisiti, mitengo yokonzera galimoto yolembedwa ndi amakaniko, mapepala a malipiro a kuntchito, ndi tayala kapena limu yophwanyikayo, yomwe siyenera kutayidwa.

Zomwe zimalipidwa

Posumira mwini msewu, wovulala atha kufuna ndalama za chithandizo cha kuchipatala chomwe walandira kale ndi chomwe adzafune m'tsogolo, malipiro omwe wataya ndi omwe adzataye kaamba ka kulumala, ndalama za ululu ndi kusokonekera kwa moyo, ndi ndalama zokonzera galimoto. Munthu akafa, amene ankadalira thandizo lake atha kufuna ndalama za thandizo lomwe lawathawa ndi za maliro. Chisoni pachokha sichilipidwa, pokhapokha madokotala atatsimikiza kuti chafika pa matenda a maganizo. Zonse zimafunidwa pamlandu umodzi, kamodzi kokha. Amene wasayina kuti walandira zonse sangabwererenso bala likadzakula.

Ku RAF zinthu zinasintha pa 1 Ogasiti 2008. Ndalama za ululu zimaperekedwa kwa ovulala kwambiri okha, omwe dokotala watsimikiza pa fomu ya RAF 4 kuti thupi lawo lalumala ndi magawo 30 pa 100 kapena kuposa, kapena kuti kuvulalako kwasintha moyo wawo kwa nthawi yaitali. Malipiro otayika anaikiridwa denga, lomwe linayambira pa R160,000 pachaka ndipo limakwezedwa potsata kukwera kwa mitengo. Ufulu wosumira dalaivala wolakwayo payekha pa zotsalazo unachotsedwa, ndipo bwalo loona za malamulo aakulu a dziko, la Constitutional Court, linavomereza kuchotsedwako mu 2010. Chithandizo cha kuchipatala cha m'tsogolo chimaperekedwa ngati kalata yolonjeza kulipira, osati ndalama m'manja. Malire amenewa sakhudza dandaulo lopita kwa mwini msewu.

RAF yakhala ndi ngongole zazikulu ndi madandaulo ochedwa kulipidwa, ndipo mu Julayi 2025 nduna ya zamtengatenga, Barbara Creecy, inathetsa bodi yake. Wovulala ali pantchito, monga dalaivala wa kampani, alinso ndi thumba lina la Compensation Fund pansi pa lamulo la 1993. Mu Novembala 2020 Constitutional Court inagamula kuti antchito a m'nyumba nawonso ali ndi ufulu umenewu.

Alendo ochokera m'maiko ena

Amalawi ambiri, pamodzi ndi anzawo a ku Zimbabwe, Mozambique ndi Zambia, amakhala m'madera monga Imizamo Yethu ku Hout Bay, Masiphumelele, Vrygrond ndi Dunoon. Ambiri amayenda pa minibasi, pa njinga yakapalasa kapena pa njinga zamoto zoperekera katundu, ndipo dzenje lomwe lingangophulitsa tayala la galimoto limatha kupha wa panjinga.

Mabwalo a milandu a South Africa ndi otseguka kwa aliyense, ndipo kukhala mlendo sikuchotsa ufulu wosumira khonsolo kapena boma. Ku RAF kunabuka mkangano mu 2022, pomwe thumbali linalamula kuti mlendo azipereka umboni woti anali m'dzikomo movomerezeka pa tsiku la ngozi. Mu Malichi 2024, pamlandu wa Mudawo v Minister of Transport, majaji atatu a bwalo lalikulu ku Pretoria anathetsa lamulolo, ponena kuti lamulo la 1996 limakamba za munthu aliyense, ndipo ofesi singalisinthe ndi kalata chabe. Komabe pasipoti, chiphaso cha ntchito ndi umboni wa malipiro zimathandiza kwambiri powerengera ndalama zomwe munthu wataya.

Abale otsala kumudzi nawo ali ndi ufulu. Mkazi kapena mwamuna wa ukwati wa mwambo ndi ana atha kufuna ndalama za thandizo lomwe ankalandira. Pamlandu wa Fosi v Road Accident Fund, womwe unalembedwa m'mabuku a milandu mu 2008, bwalo lalikulu la chigawo cha Cape linavomereza dandaulo la mayi wosauka amene mwana wake womuthandiza anafa pangozi, ndipo linatchula mwambo wa Chiafirika woti mwana amasamala kholo lake. Pa madandaulo otere malisiti otumizira ndalama kumudzi, kalata ya ukwati kapena umboni wa ankhoswe, ndi makalata obadwira a ana zimakhala zamtengo wapatali.

Mabwalo, maloya ndi mtengo wake

Dandaulo laling'ono, la tayala kapena limu, limayamba ndi fomu yomwe imaperekedwa ku ofesi ya inshuwalansi ya khonsolo, kapena ku nthambi yoyenera ya chigawo kapena SANRAL. Ofesiyo imafufuza ndipo itha kulipira kapena kukana. Mwini galimoto amene ali ndi inshuwalansi yake atha kulipidwa ndi kampani yake, yomwe pambuyo pake imatha kukafuna ndalamazo kwa mwini msewu.

Bwalo la madandaulo ang'onoang'ono la Small Claims Court, komwe munthu amadziyankhulira yekha popanda loya, sililandira milandu yosumira boma kapena khonsolo. Malinga ndi malire omwe anaikidwa mu 2014, bwalo la majisitireti limamva milandu ya ndalama zofika R200,000, bwalo la majisitireti la dera lalikulu mpaka R400,000, ndipo zoposa apo zimapita ku bwalo lalikulu, lomwe ku Cape Town lili mu Keerom Street. Milandu ya kuvulala kwakukulu imatenga zaka, imafuna malipoti a madokotala, akatswiri a misewu ndi akatswiri owerengera ndalama za m'tsogolo, ndipo wogonja kawirikawiri amalamulidwa kulipira ndalama zomwe mnzake waononga pamlandu.

Maloya ambiri amatenga milandu yotere pa pangano loti adzalipidwa mlandu ukapambana. Lamulo la Contingency Fees Act la 1997 limati pangano lotere lilembedwe, ndipo malipiro asapitirire kawiri malipiro anthawi zonse a loyayo, kapena magawo 25 pa 100 a ndalama zomwe wodandaula wapeza, malinga ndi chomwe chili chochepa pa ziwirizi. Loya weniweni amakhala m'kaundula wa Legal Practice Council, komwenso munthu amakadandaula akaona kuti wadyeredwa masuku pamutu. Anthu ozungulira m'zipatala ndi mafomu oti wodwala asayine asanawerenge ndi oyenera kuwapewa.

Mlandu wa ku Sea Point unatha ndi R750, ndipo wa ku Chapman's Peak unathandiza kusintha mmene msewu wonse umayendetsedwera. Pa milandu yonse iwiri wodandaula anapambana chifukwa panali umboni woti mwini msewu ankadziwa za choopsacho, kapena anayenera kudziwa, koma anangokhala. Umboni wotere umasonkhanitsidwa m'sabata yoyamba, ndipo kalata yodziwitsa boma iyenera kufika miyezi isanu ndi umodzi isanakwane.